Apongozi Anga Anafika pa Ngolo

Inu owerenga, ine si munthu wa mawu ambiri. Sukulu ndinalekera ku pulayimale. Ndalemba chifukwa zimene zinandigwera chaka chathachi sindifuna zigwere wina. Ndinayesa chitsulo cha galimoto ndi chikhatho, ndipo apongozi anga anapita kumanda pa ngolo.

Ndimakhala chikamwini kuseri kwa Nsaru, njira ya ku Kabudula. Ndili ndi pikapu yakale ya dizilo, ya tebo. Imanyamula soya, mtedza, fodya, odwala, chilichonse. M'mudzimo galimoto ndi yomweyo basi. Mkamwini samveka pabwalo, koma ine galimotoyo inkandilankhulira.

Tebo imakankhira mpweya mu injini, koma mpweyawo umakhala wotentha. Ndiye pali chitsulo chonga rediyeta chimene chimauziziritsa usanalowe. Amachitcha intakula. Imene galimoto inabwera nayo inabooka. M'tauni ndinapeza ina, yaikulu, yonyezimira, yopanda dzina. Wogulitsa anati ndi imeneyi galimoto iziuluka. Ndinanyamula.

Anandimangira ndi a Mbewe, makaniko wa pa Nsaru. Kuti ikwane anaiika kutsogolo kwa rediyeta yoziziritsa madzi a mu injini, n'kuiphimba pafupifupi yonse. Iwo sanakondwe nazo. Anati tiyese kaye. Timange tizipangizo toyezera kutentha, kena pa paipi yolowa, kena pa yotuluka. Tikweze matumba, tikwere chitunda dzuwa lili paliwombo, tione kusiyana kwake, tionenso muvi woonetsa kutentha kwa madzi. Tizipangizoto analibe. Anati akabwereka kwa mnzawo ku Njewa, ndibwere Lachisanu.

Ine ndinaona ngati kutaya nthawi. Munali mu Juni, m'mawa, chisanu chili m'mafupa. Ndinaliza injini galimoto ili chiimire, n'kugwira paipi yotuluka. Inali yozizira ngati mtsuko.

"Mwaona? Nkhani yatha apa."

"Achimwene, galimoto ikaima tebo imakhala ili m'tulo," anatero a Mbewe. "Ndiye chikhatho chanucho, chimene mumatolera khala la moto poyatsa fodya, n'chimene mukuyesera?"

Ndinaseka, n'kumapita. Lachisanu sindinabwere.

Miyezi yozizira inadutsa bwino. Pa tala galimoto imathamanga, mphepo imalowa yokha. Ndinkauza anthu pamsika kuti amakaniko amakonda kuopseza.

Mu Okutobala apongozi anga aakazi anamwalira kuchipatala m'tauni. Alamu anga, alongo awo a mayi a kunyumba, ankafuna kubwereka lole ya munthu wina. Ndinakana. Ndinati mayi amene anandipatsa malo ndi munda sangakwere galimoto ya mlendo ine ndili moyo. Ndinanena pagulu, anthu akumva.

Tinanyamuka dzuwa litakwera. Kumbuyo kunali bokosi, amayi a mpingo atalizungulira, mayi a kunyumba atakhala kumutu. Inu owerenga, mukudziwa kuti galimoto ya maliro sithamanga. Titasiya tala tinkangokwawa, giya yoyamba ndi yachiwiri, kuopa kugwedeza bokosi m'mabampu. Katundu wolemera, dzuwa loswa mtengo, mphepo palibe, fumbi lokhalokha. Ulendo wotere sindinauganizirepo pamene ndinkagwira paipi ija.

Muvi wa madzi unayamba kukwera. Ndinauona, sindinama. Alamu anali pambali panga. Kumbuyo amayi akuyimba. Kodi ndiime ndi maliro pakati pa njira, nditsegule boneti anthu akuona? Mumtima ndinati tifika, patsala pang'ono. Titawoloka dambo, pa chitunda, galimoto inafooka. Ndinaponda zolimba. Kunatuluka utsi wakuda, kenako nthunzi pansi pa boneti. Injini inazima. Nyimbo nayo inalekera pomwepo.

Palibe amene anandikalipira. Bola akanatero. Amayi anatambasula zitenje pamwamba pa bokosi kuti dzuwa lisaliombe. Foni ya alamu inkangolira. Kumudzi adzukulu anali atamaliza kukumba kalekale, abusa akudikira, anthu akutali akuyang'ana dzuwa. Galimoto ina sinadutse.

Mapeto ake anapeza ngolo m'mudzi wapafupi. Inali ikututa manyowa. Anaisesa, n'kuyalamo mphasa. Nditatambasula manja kuti ndigwire nawo bokosi, alamu analankhula motsitsa.

"Alamu, inu londerani galimoto yanu. Ingabedwe, eti."

Ndinatsala. Ndinamva nyimbo ikuyambiranso, ikumka patali ndi kulira kwa magudumu. Pambuyo pake ndinalondola wapansi. Mwambo anaudula, ulaliki unali wachidule chifukwa dzuwa linkalowa. Ndinafika atakwirira kale.

Injini anaikonza a Mbewe, patapita nthawi. Atamaliza tinachita zimene ananena mu Juni zija. Tinakweza matumba a chimanga, tinamanga tizipangizo, tinakwera chitunda masana pang'onopang'ono. Mpweya wotuluka unkatentha pafupifupi ngati wolowa, ndipo muvi wa madzi unayambanso kukwera. Chitsulo chonyezimira chija sichinkaziziritsa zenizeni. Ntchito yake inali kutchinga rediyeta ndi kusunga fumbi. A Mbewe sanati ndinakuuzani. Anangochimasula n'kuchiponya pakona.

Ndatopa nayo nkhaniyi, koma mverani. Mukasintha intakula, musakhulupirire kukula kwake kapena pakamwa pa wogulitsa. Musayese ndi dzanja, musayese m'mawa, musayese galimoto itaima. Yesani mapaipi onse awiri, katundu ali pamsana, dzuwa likutentha, mukuyenda ngati pa ulendo umene simungathe kuthamanga. Ndipo muvi ukakwera, imani. Manyazi oima pang'ono injini ipume ndi ochepa. Ine ndinawathawa, n'kukagwa m'aakulu.

Pikapu ikuyenda tsopano. Anthu akukwezabe soya wawo. Mayi a kunyumba sanaitchulepo nkhaniyi, ngakhale tsiku limodzi. Koma Lamulungu lililonse ndikaliza injini kuti tipite kutchalitchi, amamanga mpango wawo, amatseka chitseko, n'kudutsa pambali pa galimotoyo wapansi.