Pepala Lokulungira Usipa

Anandiitana Lachiwiri m'mawa, choko chili m'manja. Ahedi anaima pakhomo la kalasi osandiyang'ana kumaso. "Aphunzitsi, kuli alendo anu." Alendowo anali amuna awiri a boma, ndipo galimoto yawo sanaizimitse n'komwe.

Masabata awiri izi zisanachitike ndinali nditaphunzitsa ana a Fomu 3, pa sekondale ina kufupi ndi Chintheche, tanthauzo la filosofi. Sizinali pa silabasi, koma ndinali wachinyamata, wapakamwa. Ndinati filosofi ndi kukonda choonadi, kufunsa m'malo mongovomera. Pa bolodi ndinalemba kuti: Kodi chinthu chimakhala choona chifukwa wanena ndi wamkulu? Ndinawauza akayankhe kunyumba.

Kuno kwathu ogulitsa usipa amakulungira m'mapepala a makope. Mayi wina anang'amba pepala m'kope la mwana wake, ndipo wogula usipawo anali munthu wachipani. Masiku amenewo "wamkulu" analipo mmodzi yekha m'dziko muno.

Anandionetsa pepalalo patebulo, mafuta a nsomba ali noninoni. Pansi pa funso langa panali yankho: Ayi, wamkulu nayenso amalakwa.

"Funsoli ndi lanu, tikudziwa," anatero wondifunsa. "Nanga wayankhayu ndani?"

Ndinkamudziwa. Anali mtsikana wa ku Kande, mutu wakuthwa kuposa onse amene ndinaphunzitsapo. Ndinati sindikudziwa.

"Mwati ntchito yanu ndi kufunsa? Kuno ofunsa ndife. Inu muziyankha."

Ndinakhala miyezi inayi m'kachipinda ka anthu khumi ndi mmodzi, ndowa imodzi pakona. Lachisanu lililonse ankanditengera kuchipinda china. Za kumeneko ndingonena kuti khutu lamanzere silimva mpaka lero, ndipo choko ndimagwira ndi zala zitatu. Mlonda wina ankati akamatsekula, "Tiyeni afilosofi, kalasi yayamba."

Lachisanu la sabata yachisanu ndi chiwiri... ayi, ndisaname, masabata ndinasiya kuwerenga. Mvula inali itayamba. Ndinatchula dzina lake.

Ananditulutsa Lolemba. Mtsikanayo anamuchotsa sukulu, bambo ake anawasunga m'ndende chaka chathunthu.

Chaka chatha ndinakumana ndi mtsikana uja pamaliro ku Tukombo, imvi mbuu ngati ine ndemwe. Anagwada, nandigwira dzanja ndi manja onse awiri, nanditchula mphunzitsi m'chiyankhulo cha kwathu.

"Asambizi, ndakhala ndikufuna kukuthokozani. Ena ankati munanditchula ndinu. Ine ndinakana. Ndinati umboni uli kuti? Munatiphunzitsa nokha kuti tisamangovomera."

Anthu anali akuimba. Panalibe mlonda, panalibe wondiopseza, ndinali mfulu kunena chilichonse pansi pa thambo. Ndimachita manyazi kulemba izi, koma ndiye zinachitika.

Ndinati, "Yewo, mama." Ndiye ndinapita kukakhala kwa azibambo.