Zikang'a za Mayi Oponda

Kumunda wa mphesa onse ankangowatchula kuti Mayi Oponda. Ntchito yawo inali yomweyo: basi ya alendo odzaona malo ikafika, ankavula nsapato, kulowa m'chibafa chathabwa, n'kumaponda mphesa uku akumwetulira. Alendo ankawajambula ndi mafoni, kenako n'kukakhala pakhonde kumadya, kununkhiza vinyo, kulawa pang'ono, n'kulavulira m'ndowa. Anthu akuluakulu ndithu, kumalavula ngati makanda!

Chimene chinkawapweteka mtima mayiwa n'chakuti vinyo weniweniyo ankafinyidwa ndi makina kuseri. Madzi amene iwo ankaponda ankatayidwa m'ngalande basi ikangonyamuka. Analowa ntchitoyi ali ndi khanda kumsana, bambo ake atathawa, ndipo anameza bodzalo mpaka mwanayo anafika kusekondale. Sukulu ya mtsikanayo ndiyo inkawaimiritsa m'bafamo.

Tsiku lina manijala, kamnyamata kobadwa dzulodzuloli, anawaitanira pambali.

"Amayi, musakhumudwe, koma zikang'a zanuzi zikumaoneka pazithunzi. Alendo ena akumasiya chakudya. Bwanji mtsikana wanu uja azibwera kudzaponda m'malo mwanu Lachisanu lililonse? Kujomba tsiku limodzi si imfa."

Mayi Oponda anamuyankha mokalipa.

"Bwana, mapaziwa anang'alukira m'bafa lanu lomweli. Lero akukunyansani? Mwana wanga musadzamutchulenso. Vulani nsapato muziponda nokha!"

"Ndiye mwezi ukatha tipeza wina," anatero manijala, osawayang'ana n'komwe.

Njira yonse mayiwo anayenda akulankhula okha, akutukwana manijala, alendo ndi ndowa yawo yomwe. Ankafuna akafike akauze mwana wawo mmene amuyankhira munthu wachipongwe uja.

Anamupeza atakhala pakhomo, mapazi ali m'beseni, akukwecha zidendene ndi mwala. Pambali pake panali kabotolo ka utoto wofiira wa zikhadabo.

"Ukutani iwe?"

"A manijala anandipeza kusitolo dzulo, amayi. Akuti ndiyambe Lachisanu, apo ayi mwezi ukatha apeza wina. Inu muzipumako."

Mayi Oponda analikankha besenilo ndi phazi, madzi n'kumwazikira pakhoma.

"Ndakhala ndikusekerera anthu olavula zaka zonsezi kuti iwe ukalowe m'bafa lomwelo? Lachisanu ukupita kusukulu, wamva?"

Mtsikanayo sanalire. Anatola besenilo modekha, n'kuwayang'ana mayi ake m'maso.

"Ndamva, amayi. Nanga mwezi ukatha tizidya chiyani?"

Pa zonse za tsikulo, funso limeneli ndilo linawakwiyitsa mayiwo koposa.