Chubu Chimene Chinakana Kuwola

Kuseri kwa nazale ya Mayi Kwirira kuli mzere wa timitengo tozika pansi, kalikonse kali ndi kachidutswa ka lata kolembedwa tsiku. Alendo amayesa ndi mbewu zimene zinakana kumera. Ayi, amenewo ndi manda, ndipo dzina la mayiyu linachokera pomwepo. Chinthu chikangobwera ndi tsamba lobiriwira pachikuto ndi mawu oti "sichiwononga chilengedwe", iye sakangana ndi munthu. Amatenga khasu n'kuchikwirira.

"Dothi silidziwa kuwerenga," amatero, "n'chifukwa chake silinamizika."

Wakhala akufesa mbande zaka makumi awiri, ndipo zala zake zinasiya kalekale kuyera. Mumzeremo munalowapo makapu, matumba, ngakhale thewera la mwana. Zina zimawoladi, ndipo zikatero mayiyu amazitama kwa aliyense mpaka womvera kutopa. Koma zambiri zimatuluka zili gwa, ngati zakwiriridwa dzulo.

Vuto linabwera ndi mkamwini wake, mnyamata waulemu wokonda nsapato zoyera, amene anapeza ntchito yotsatsa machubu a mbande pakampani ina. Anafika pa nazale akudumpha matope, katoni ili m'manja.

"Amayi, zong'amba machubu zija zatha," anatero. "Awa mumadzala mtengo uli momwemo. Pakatha miyezi itatu, chubu chimasanduka manyowa."

Mayi Kwirira anachitembenuza. Chinali chokongola ndithu: tsamba, kambalame, ndi dziko lapansi litafungatiridwa m'manja.

"Anayesa ndani, bambo?"

"Akatswiri."

"Ali ndi mayina akatswiriwo? Nanga anayesera m'dothi lotani?"

Mkamwini anakanda m'mutu n'kuseka. Apongozi akewo anasekanso, kenako anakatenga khasu. M'dzenje limodzi anaikamo chubucho, khungu la nthochi ndi chidutswa cha nyuzipepala, kuti zitatuzo zipikisane.

Mwezi womwewo mwana wake, mkazi wa mkamwiniyo, anabereka mwana wamkazi, mdzukulu woyamba. Mayi Kwirira, chimwemwe chitadzaza tsaya, anasankha mbande ya mango imene anailumikiza yekha n'kuisamala chaka chathunthu, nati ikadzalidwe pakhomo pa khandalo kuti azikulira limodzi. Koma mkamwini, pofuna chithunzi chosonyeza makasitomala, anasamutsira mbandeyo m'chubu cha kampani n'kuidzala ili momwemo.

Mayiyu atamva, mtima unamupweteka kwambiri. Akanatha kupita usiku womwewo kukaufukula mtengowo, koma kuchititsa manyazi mkamwini pakhomo pake, mkazi wake akuona, si nzeru. Komanso mwina chubucho chikanawoladi; iye sadaweruzepo chinthu dothi lisanayankhule. Ndiye anangodikira. Lamlungu lililonse ankapita kukanyamula mdzukulu, koma diso limodzi lili pamtengo. Mwana ankanenepa, masaya tutumu. Mtengo unangoima pomwepo, masamba akuyamba chikasu.

Miyezi itatu itakwana anawonjezera wina umodzi, kuti pasakhale chonamizira, kenako Mayi Kwirira anaitanitsa mkamwini kudzenje lija n'kumupatsa khasu.

"Fukulani nokha, bambo. Ine msana."

Msanawo unali bwinobwino, poti m'mawa womwewo anali atanyamula matumba asanu a manyowa.

Khungu la nthochi silinapezeke. Nyuzipepala inali itasanduka dothi. Koma chubu chinatuluka chamoyo, ndipo atachitsuka m'ndowa kambalame kaja kanawala ngati kangojambulidwa kumene. Mayi Kwirira anavala magalasi ake omanga ndi waya n'kuloza timalemba tating'ono ta kunsi, timene ngakhale nyerere ikanavutika kuwerenga. Timalembato tinkati chubucho chimawola chikaikidwa m'makina otentha kwambiri a kufakitale.

"Kodi pakhomo panu paja pali makina otentha, bambo?"

Mkamwini anayamba kuseka, koma chiseko chinathera panjira. Anayang'ana chubu, anayang'ana apongozi ake, kenako ananyamula khasu paphewa n'kuuyamba ulendo wa kunyumba kwake, nsapato zoyera zija zikuponda m'matope osadumphanso. Mayi Kwirira anatsatira pambuyo, lezala ili m'thumba.

Anaufukula mtengowo pang'onopang'ono, mkamwini atagwada, akukumba ndi manja. Mizu inali itazungulirazungulira m'chubumo ngati ulusi, yosowa potulukira. Mayiyu anang'amba chubu ndi lezala, anamasula mizu umodziumodzi, anadula yopindika, ndipo anaudzalanso. Mwana wake anaima pakhonde ndi khanda.

"Upola, amayi?" anafunsa mkamwini, mawu ali pansi.

"Tifunsa dothi."

Mawa lake mnyamatayo anayendera onse amene anawagulitsa machubu, kuwauza kuti azing'amba asanadzale. Abwana ake akuti anakwinya nkhope, koma ntchito sinathe.

Patapita masabata asanu, Mayi Kwirira akuthirira mbande, anamuonanso mkamwini akubwera, ulendo uno atavala majombo. M'dzanja limodzi anali ndi foni, ndipo pafonipo panali chithunzi cha nsonga ya mango itatulutsa timasamba tinayi tofiirira, tanthete, kadzanja ka khanda kakutambasukira pomwepo. Mayiyu anayang'ana nthawi yaitali, n'kupukuta maso ndi kuseri kwa dzanja lamatope.

M'dzanja linalo munali thumba latsopano la kampani, la masamba awiri obiriwira m'malo mwa limodzi.

"Akuti ili ndiye lenileni," anatero mkamwini. "Khasu lili kuti, amayi?"