Tsiku limene ndinaba makolo a Mayi Harris

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene ndinaba makolo a munthu wina. Ndinali ndisanabepo kanthu, ngakhale switi, koma tsiku limenelo ndinanyamula mtundu wathunthu, mafumu ake ndi akufa ake omwe, n'kuulemba dzina langa.

Tinkakhala ku Lewisham, mumzinda wa London, ine ndi mayi anga, m'zipinda ziwiri zam'mwamba. Bambo anamwalira tisanachoke ku Malawi, ine ndili ndi zaka zinayi. Mayi ankagwira ntchito kunyumba yosamalirako okalamba, ndipo akakhala pa shifiti yaitali ndinkati ndikaweruka kusukulu n'kukafikira pansi, kwa Mayi Harris, eni nyumbayo. Mayi anandilamula kuti ndiziwatchula agogo. Mayi Harris anali munthu wowonda, wapakamwa, namwino wopuma pantchito, ndipo tiyi wawo anali wowawa moti ndinkathira shuga mobisa. M'nyumba mwawo munkanunkhira buledi wootcha ndi mafuta opukutira mipando.

Cha m'ma 2004 aphunzitsi anatipatsa ntchito yoti aliyense afufuze kumene dzina la banja lake linachokera, adzawerenge pamaso pa kalasi Lolemba. Kumashopu a pakati pa Lewisham kunali bambo wina amene ankakhala ndi kompyuta pa tebulo. Ukamuuza dzina lako ankakusindikizira mbiri yake papepala lachikasu, pamwamba pali chishango chokongola. Anzanga onse anathamangira kumeneko, nanenso ndinapita. Bamboyo analemba Mbewe, n'kuyang'ana, n'kulembanso, kenako anapukusa mutu. Anati dzina limeneli mulibe. Anzanga awiri anali pomwepo, ndipo ndinachita manyazi kwambiri moti ndinaseka nawo limodzi.

Kunena zoona, munthu woti andiuze analipo. Agogo anga obereka bambo, a Lufeyo Mbewe, anali moyo ku Dedza, ndipo mwa a Mbewe akuluakulu anatsala okha. Mayi ndi Naphiri, za kuchimuna ankangodziwa zapamwamba. Lamlungu loyamba la mwezi uliwonse ankagula khadi yopala n'kuimbira foni ya aphunzitsi oyandikana ndi agogowo. Ine ndikangomva mayi akuti, “Mwadzuka bwanji apongozi,” ndinkathawira kubafa. Agogo ankakuwa pafoni chifukwa khutu limodzi linali litagontha, Chichewa changa chinali chotsimphina, ndipo ankanditchula Nambewe, dzina limene ndinkaliona ngati la nkhalamba. Chaka chimenecho miyendo yawo inali itayamba kutupa. Mayi ankandiuza mobwerezabwereza kuti agogo sakupeza bwino, koma ine ndinkangomvera m'mutu.

Pakhoma la Mayi Harris panali pepala longa lija la kumashopu, lili m'felemu, pamwamba pali gwape wofiira ndi dzina loti Doherty, dzina lawo asanakwatiwe. Lachisanu, iwo akukazinga mazira kukhitchini, ndinalikopera lonse m'kope mwanga. Paliponse pamene panali Doherty ndinkalembapo Mbewe. Ndinkadziona wochenjera kwambiri, moti nditamaliza ndinawapatsa okha kuti andionere ngati ndalemba bwino.

Anavala magalasi n'kuyamba kuwerenga mokweza. Anamva kuti a Mbewe anali mafumu a kumpoto kwenikweni, kudziko lozunguliridwa ndi nyanja yozizira, ndipo ankakhala m'malinga amiyala. Anamva kuti Angelezi anawalanda minda, kenako mbatata ya kachewere inaolera m'nthaka, kunagwa njala yoopsa, ndipo a Mbewe ambiri anakwera zombo kupita ku Amereka ndi ku Scotland. Atafika pa zombo anaseka mpaka kutsokomola. Kenako anasiya kuseka mwadzidzidzi, n'kuika kopelo pansi.

“Mwana iwe, wandibera akufa anga,” anatero. “Ako anakulakwira chiyani?”

Ndinayankha kuti ife tilibe mbiri, kompyuta yanena. Ndinkayembekezera kukalipiridwa, koma anangotsitsa felemu ija pakhoma n'kuipukuta ndi epuloni. Anati pepalalo anawagulira ndi mwana wawo tsiku lawo lobadwa, ndipo a Doherty onse padziko lapansi amapatsidwa lomwelo. Ndi zoona kuti dzinalo ndi la ku Donegal, kumpoto kwa Ireland, ndipo limatanthauza zidzukulu za munthu wina wakalekale wotchedwa Dochartach. Koma za bambo awo, mlimi wa nkhosa amene sanaonepo mkati mwa linga, pepalalo silinkanena kalikonse.

Anandiuza kuti kwawo kalelo munthu akamanyamuka kupita ku Amereka ankamuchitira mwambo wonga maliro iye ali moyo. Anthu ankasonkhana, kudya, kuimba, kenako kumulira, chifukwa ankadziwa kuti sadzamuonanso. Azakhali awiri a bambo awo analiridwa choncho. Pamene iwo ankabwera ku London kudzaphunzira unamwino, ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, panalibenso zolira. Bambo awo anangowanyamulira sutikesi mpaka pa basi. Alongo awo nawonso anabalalika, wina ku Glasgow, wina ku Boston. Kuno anapeza eni nyumba ena akukana kuchititsa lendi anthu a ku Ireland ndi anthu akuda, ndiye atakwatiwa ndi Mngelezi anasangalala kutenga dzina la Harris, popeza linkatsegula zitseko.

“Bambo anga ankatchula makolo athu pamtima, mmodzimmodzi, mpaka kutali,” anatero. “Ine ndinkati n'zotopetsa. Ndinkati ndidzafunsa ndikadzapita pa tchuthi. Kenako inangobwera kalata yoti amwalira.”

Anandifunsa dzina la agogo a agogo anga. Ndinati sindikudziwa. Anati nawonso awo sakuwadziwa, koma kusiyana kwake n'kwakuti ine ndili ndi womufunsa. Kenako anang'amba tsamba lija m'kope mwanga, analipinda bwinobwino n'kuliika m'thumba la epuloni. Anati Lamlungu ndikapanda kugwira foni, tsambalo adzawerengera mayi anga, ndipo adzawerenga pang'onopang'ono.

Mayi anga sindinkawaseweretsa. Loweruka ndinawapempha ndekha kuti tiimbe kumudzi.

“Iwe? Ukufuna kulankhula ndi agogo ako?” anatero mayi akuvula nsapato za kuntchito. “Lero kugwa sinoo. Ndi homuweki eti? Chabwino, koma usakandiyankhire apongozi m'Chingelezi, wamva?”

Lamlungu titabwerako kutchalitchi mayi anapala khadi ndi kandalama, anaimba, ndipo tinadikira mwana wa aphunzitsi akawatenge agogo. Mayi anapereka moni, kenako anandipatsa foni. Ndinaiika kukhutu. Kuseri kwa mawu a agogo ndinkamva nkhuku ndi wailesi.

“Nambewe! Ndiwe? Ndimayesa unatitaya.”

Ndinafunsa funso langa m'Chichewa chimene ndinachiloweza kubafa. Agogo anayamba kufotokoza, ndipo sanathamange. Anati Mbewe ndi mfunda, si dzina la nyumba imodzi, ndipo ndikadzakumana ndi Mbewe kulikonse, kaya ku Zambia kaya ku Mozambique, ndidziwe kuti ndi mbale. Anati iwo ndi Lufeyo, telala. Anabadwa kwa Yosefe, amene anayenda wapansi mpaka ku Halale kukagwira ntchito m'mafamu, n'kubwerako ndi njinga ndi chifuwa. Yosefe anabadwa kwa Kadzamira, amene anawoloka malire kuchokera kwa Apwitikizi pothawa ntchito yakalavulagaga, atabereka mlongo wake wolumala kumsana. Agogo anatchulanso mkulu wawo amene anapita ku Joni n'kutchona, moti mpaka lero palibe akudziwa kumene kuli manda ake.

Ndinkalemba kumbuyo kwa envulopu, mawu ovuta mayi akundinong'oneza tanthauzo. Nditakweza maso ndinaona kuti mayi akulira. Zina mwa zimenezi nawonso ankazimva koyamba.

“Uko mwapitako si zachilendo, ife ndife oyenda,” anatero agogo. “Koma iwe usatchone, Nambewe. Tsono bambo ake a Kadzamira anali...”

Pomwepo mawu a mzimayi wa pamakina analowerera kunena kuti nthawi yatha, ndipo foni inaduka. Mayi anati tidzapitiriza mwezi wamawa.

Lolemba ndinaima kutsogolo kwa kalasi ndi tsamba limodzi lopanda chishango. Ndinawerenga mayina onse mokweza. Mnyamata wina wa ku Zambia, amene chaka chonse sitinkalankhulana, anandiuza panja kuti amayi ake nawonso ndi Nambewe. Madzulo ndinakawerengera Mayi Harris. Anamvetsera mpaka kumapeto, anatulutsa tsamba lakuba lija n'kuliponya mubini, kenako anandiuza kuti ndibwerezenso dzina la uja anabereka mlongo wake.

Mwezi wotsatira tinaimbadi, koma agogo anali atachita sitiroko ndipo pakamwa panali patapotoka. Anangotha kutchula dzina langa. Anamwalira mvula isanagwe. Dzina la bambo ake a Kadzamira linapita nawo, ndipo ndafunsa kulikonse kumene ndikanatha kufunsa, palibe akulidziwa. Zimandiwawa mpaka lero, chifukwa ndikudziwa kuti Malamlungu onse aja ndinkabisala kubafa dzinalo linalipo, likungodikira kuti wina afunse.

Komabe sindidziona ngati wosauka. Panopa ndikumvetsa kuti Mayi Harris sanakwiye chifukwa choti ndinawabera. Anakwiya poona mwana amene ali ndi womufunsa akuchita dala zomwe iwo anachita, ndipo ankadziwa bwino mathero ake. Mbiri ya dzina imakhala mwa munthu amene akupuma, ndipo munthuyo sakhalitsa. Ine ndinachedwa, koma ndinapezako Lufeyo, Yosefe ndi Kadzamira. Ana anga awiri anabadwira konkuno ndipo amandiyankha m'Chingelezi, koma mayina atatuwo amawatchula osaphonyetsa.