Tambala Amene Tinapita Naye kwa a Metroni

Mlongo wanga Enifa tinamuika mu Epulo 2007, fodya ali m'zigafa. Ine sukulu ndinalekeza sitandade folo, zolembalemba sindizitha kwenikweni, koma nkhani iyi ndikufuna mwana wake adzaiwerenge akadzakula.

Pakhomo pathu ku Mavwere amene anaphunzira ndi Enifa yekha. Anakhala nesi pachipatala china kufupi ndi pa Boma. Komweko anapezana ndi alamu anga a Lameki, a kwa Zulu, nawonso nesi. Mayi athu atamva kuti mkamwini ndi nesi anafunsa ngati nayenso amavala diresi yoyera. Ukwati unachitika mu 1996, ine nkhoswe ya kuchikazi, a Dickson, amalume awo a Lameki, nkhoswe ya kuchimuna.

Zaka zitatu zinatha, mwana osaoneka. Kwa Zulu anayamba kulankhula, mpaka tinamva kuti apeza kale mtsikana wina woti azikhala pakhomo. A Dickson anabwera panjinga n'kunena kuti tikakhale nawo pansi awiriwo, zikakanika banja lithe. Ine zinandipweteka, chifukwa Enifa mwamuna wake ankamufuna.

Tinapita Loweruka m'mawa, ine nditavala jekete ya paukwati ija. Tinapeza a Lameki okha akuchapa mayunifolomu. Akuti Enifa ali kuntchito, akamaweruka madzulo iwo azikalowa naiti. Nkhani ya banja siikambidwa wina palibe, ndiye tinamwa tiyi n'kubwerera.

Sabata inayo tinapita Lachitatu. Tinapeza Enifa yekha, maso ali psuu, wangoweruka kumene. Anatigwadira bwinobwino. A Dickson ali mkati mopereka malonje tinangomva mkonono. Munthu wagona chogwada, mutu watsamiritsa pampando.

Ulendo wachitatu tinagwirizana zokawabisalira pageti pa chipatala seveni koloko m'mawa. Tinaona Enifa akutuluka, a Lameki akufika panjinga. Anatsika, n'kumupatsa njingayo ndi kiyi wa nyumba. Iwo akuti ndiwo zili pambaula koma mchere watha, iye akuti agogo a pabedi la pakona asapatsidwe chakudya. Basi, aliyense njira yake. Banja lonse linali limenelo, maminitsi asanu pageti.

A Dickson anavula chipewa n'kundiyang'ana. "Akulu, mwana tikumufunayu akanadzera pageti pompano?"

Titamufunsa Enifa, anatiuza za pepala lokhomedwa pakhoma la ofesi, losonyeza wolowa masana ndi wolowa naiti. Amalemba ndi a Metroni, mayi Esitele, mkulu wa manesi onse. Iwowo ankaona ngati akuwathandiza, kuti wina akakhala kuntchito wina azisunga pakhomo. Awiriwo ankachita manyazi kukawauza kuti zikuwavuta pati.

Ife kwathu, munthu amene walowa pakati pa banja amaitanidwa pamlandu. Koma Metroni ungamuitanire kumudzi? Tinaganiza zopita ndife. Ndinagwira tambala wanga wofiira, n'kumubisa m'jekete. Posadziwa khomo lake, tinaima pamzere wa odwala mpaka teni koloko. Tambala atalira, amayi ena anandiuza kuti a zoweta ali kuseri kwa msika.

Titalowa, a Metroni anafunsa kuti wodwala ndani. A Dickson anakhala pansi, mipando ilipo, n'kuyamba malonje kuchokera tsiku la chinkhoswe. Mayi aja anamvetsera, magalasi ali pamphuno.

"Ndiye mukuti wolakwa pamlanduwu ndine?"

"Eya mayi," ndinatero ine. "Bedi ndi limodzi, koma pepala lanu likuwagoneka mosinthana."

Anaseka mpaka kupukuta misozi. Kenako anachotsa pepala lija pakhoma, n'kutenga pensulo ndi labala. Anati manesi ndi ochepa, naiti siingathe, koma sabata ziwiri pamwezi azilowa masana onse awiri, ofu azipuma tsiku limodzimodzi. Tambala anamukana, koma tinawauza kuti ankhoswe sabwerera ndi nkhuku. Anamumangirira kumwendo wa tebulo.

Enifa anandikwiyira mwezi wathunthu. Akuti ndamuchititsa manyazi, anzake akamuona akumalira ngati tambala. A Lameki okha ndi amene anandigulira Fanta mwakachetechete.

Mwana anabadwa mu Novembala 2000, wamkazi. Dzina anamupatsa Esitele. Za mtsikana wa kwa Zulu uja palibe anazitchulanso, a Dickson akuti iwo sanamvepo n'komwe.

Enifa atadwala anagonekedwa muwodi momwe ankagwira ntchito. A Metroni anatenganso labala uja, n'kufufuta dzina la a Lameki papepala sabata zitatu zonse. A Lameki anakhala pambali pa mkazi wawo mpaka tsiku lomaliza, osapita pageti kukasiyira munthu kiyi.

Iwe Esitele, mayi ako anali munthu wogona chogwada chifukwa chosamala anthu osawadziwa. Njinga ija bambo ako akuisungabe. Ndipo udziwe kuti tambala uja anali wambewu, sindinapezenso wina ngati iye, koma sindidandaula.