Mabatani a malemu bambo pa banjo ya mlendo

Mwaswera bwanji nonse. Kuno ku Kabudula mitima sili m'malo.

Masana ano kunabwera bambo wina wachilendo pa njinga, atanyamula kabanjo ka zingwe zinayi koti achimwene a Tobiyasi amukonzere. Mukudziwa mmene achimwene amakongoletsera mabanjo awo: amagoba timaenje pathabwa, n'kulowetsamo tizidutswa ta nyanga ya ng'ombe, n'kupala mpaka posalala. Ya mlendoyu inali yokongoletsedwa kale chimodzimodzi, koma ndi mabatani asanu. Limodzi linkagwedera.

Amayi anali pakhonde, akuswa mtedza. Batani lija litagwa pansi analitola, n'kuliyang'ana nthawi yaitali. Kenako anati, "Tobiyasi, awa ndi a bambo ako."

Abale, mabataniwo ndi a nyanga, a mabowo atatu, osati anayi ngati a m'sitolo. Malemu bambo anasema okha, amayi n'kuwasokerera pa malaya awo oyera. Malayawo ndinasita ndine, n'kuwapereka kwa adzukulu tsiku la maliro. Tonse tinawaona atawavala m'bokosi.

Achimwene anafunsa, "Kodi banjoyi munaipeza kuti?"

Mlendoyo anati, "Ndinagula ku Nsaru sabata yatha, kwa mkulu wina wamtali, wotsimphina mwendo wamanzere."

Bambo ankayenda choncho.

Mlendoyo banjo waisiya, akuti adzaitenga Lachisanu. Palibe amene akufuna kuigwira.

Amalume, tiwauze adzukulu tikaone manda, kapena tingokhala chete? Yankhani lisanafike Lachisanu, chonde.