Wophunzira wa a Dokotala a Masowo

Pa kampani yocheka matabwa ya pamwamba pa phiri la Zomba panali chipinda chimodzi chimene anthu sankalowamo mwachisawawa. Chinali cha malata, chozizira, chonunkha girizi. M'makoma mwake tinkapachikamo masowo aatali ngati malamba, aja amazungulira pa makina. M'menemo ndi mmene ndinkagwira ntchito, pansi pa bambo wina wa ku Zimbabwe amene tonse tinkangowatchula kuti a Dokotala. Sankachiza anthu ayi, koma masowo. Ankawanola, kuwalumikiza akaduka, ndi kuwasula ndi hamala kuti asamacheke mokhota.

Ntchitoyo anandipezera ndi alamu anga, amene ankayendetsa lole ya kampaniyo. Ndinali nditangofika kuchokera kumudzi ndi setifiketi yanga ya Fomu 4, ndipo ndinkagona pabalaza m'nyumba yawo ku Zakazaka. Tsiku londilemba, a manijala anandifotokozera zonse mosabisa. Mlendo sagwira ntchito muno popanda pemiti, chilolezo cha boma chimene chimatha pakapita zaka ziwiri. Boma limapereka pemitiyo ngati palibe Mmalawi woidziwa ntchitoyo, ndipo limafuna kuti kampani iike mwana wa dziko lino pambali pa mlendoyo, aziphunzira, kuti tsiku lina adzatenge malowo.

"Mwana wa dziko linoyo ndiwe," anatero a manijala. "A Dokotala akadzapita, chipinda chija n'chako."

Ndinathokoza mpaka iwo anachita kundiuza kuti basi, zakwana.

M'mawa uliwonse tinkakwera phiri tili kumbuyo kwa lole, titakumbatira mawondo, nkhungu ikutinyowetsa ovololo. Ndikafika ndinkasesa, kupukuta benchi, n'kudikira. A Dokotala anali munthu wosayankhulayankhula, Chichewa chawo chosakaniza ndi cha kwawo. Ankaika rula yachitsulo pa sowo, n'kuipendeketsa cha kuwindo.

"Usayang'ane chitsulo, mwanangu. Yang'ana kuwala kumene kukudutsa pansi pa rula. Kukuuza pomenya."

Miyezi yambiri sindinkaona kanthu. Ndinkangovomera kuti eya, ndaona, kuopa kuwakhumudwitsa. Iwo ankadziwa kuti ndikunama, koma sanandikalipirepo. Ankangonditsanulira tiyi wa m'fulasiki yawo, n'kuyambiranso.

Pemiti yawo itatsala pang'ono kutha, kunabwera bwana wa ku boma kudzaona ngati ndikuphunziradi. Anandifunsa ngati ndingathe kugwira ntchitoyo ndekha. Ndinati ayi, ndipo chinali chilungamo. Pemiti inatuluka, tonse tinasangalala.

Kuwala kuja ndinayamba kukuona m'chaka chachitatu. Sindikudziwa kuti zinayamba tsiku liti. Ndinangozindikira kuti dzanja langa likupita lokha pamalo oyenera, ndipo ocheka asiya kubweza masowo amene ndakonza ine. A Dokotala anayamba kukhala pa bokosi ndi tiyi wawo. Ndikamaliza ankadzuka, kuika rula, kugwedeza mutu, n'kukhalanso.

Kunja kwa chipinda ndinali ndidakali mwana wasukulu. Ndilo dzina limene anzanga anandipatsa.

"Mwana wasukulu, lero aphunzitsi akupatsa homuweki?"

"Musamusokoneze, ali ndi mayeso chaka cha mawa. Ndi chaka chinacho. Ndi chinanso."

Mkulu wina wonyamula zipika ndiye ankaseketsa anthu kwambiri. "Amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Koma awa ndi mame a paphiri pano, pamene dzuwa silituluka!"

Ine ndinkaseka nawo. Sindinkadziwa chochita china.

Nthawi ya pemiti itayandikanso, a manijala anandiitanira mu ofesi, n'kundiuza kuti ndikhale pampando, chinthu chimene sanachitepo.

"Ukudziwa mmene zinthu zilili kwawo kwa a Dokotala masiku ano. Akabwerera akadya chiyani? Mwana wawo wamkazi ali pakati pa sukulu ku Masongola. Iwe ndiwe mnyamata, nthawi uli nayo. Zaka ziwiri zokha, udekhe. Bwana uja akakufunsa, ukudziwa poyankha."

"Chabwino, bwana."

Sindinganene kuti anandikakamiza. Mtsikanayo ndinkamudziwa, ankabwera Loweruka lina ndi lina kudzawapatsira bambo ake chakudya, n'kundipatsa moni mwaulemu kuti achimwene. Choncho bwana wa ku boma atabwera ndinati sindinafikepo, ndipo pemiti inatulukanso.

Kunyumba nkhaniyi sinalandiridwe bwino. Achemwali anga, akazi a alamu aja, anali atabereka mwana wina, ndipo mphasa yanga pabalaza inayamba kupinga anthu njira.

"Alamu, sukulu yanuyi ilibe tsiku lotsekera?" anandifunsa alamu tikudya. "Ife tinaphunzira lole miyezi yochepa, lero tikutsika nayo phiri itadzaza zipika. Inu sowo imeneyi mukufuna mudzaikwatire?"

"Asiyeni adye," anatero achemwali.

"Ndikuwaletsa kudya? Ndikungofunsa. Munthu wamkulu ndevu pepeya, malipiro a wophunzira."

Ndinangoweramira m'mbale. Zimene ankanena zinali zoona, ndipo sankanena mwankhanza.

Zaka ziwiri zimenezo zinali zazitali. Ntchito inali yomweyo, nkhungu yomweyo, nthabwala zomwezo. Mtsikana uja analemba mayeso ake n'kupita kukakhala kwa achibale ku Blantyre. Ine mumtima ndinati basi, chimene ndinkadikira chatha. Koma a Dokotala sanatchule za ulendo. Tsiku lina ndinawapeza akubzala mbewu ya mapeyala kuseri kwa nyumba yawo ya kampani. Munthu amene akupita sabzala mapeyala.

Nthawi ya pemiti itakwana kachitatu, a manijala sanandiitane. Tinakumana pakhomo la ofesi, anangondigwira paphewa n'kudutsa. Alamu ndiwo anandikhazika kutsogolo kwa lole m'mawa wa tsiku lobwera a ku boma, kuti andiphunzitse poyankha.

"Tayesani timve. Mungathe ntchitoyi nokha?"

"Ndingathe."

"Mokweza! Mukuyankha ngati mwaba nkhuku. Mungathe?"

"Ndingathe, bwana."

"Eya. Mawu awiri okha. Mukatero chaka chino mupeza nyumba yanuyanu, nafenso tipumeko."

Njira yonse yokhotakhota ija ndinkabwereza mawuwo chamumtima. Nditalowa m'chipinda ndinapeza a Dokotala atavala malaya oyera, ositidwa bwino. Anandiyang'ana pang'ono.

"Lero ukayankhe zimene ukudziwa," anatero, n'kutembenukira kuwindo.

Amene anabwera sanali bwana wakale uja. Anali mayi wa magalasi, wooneka wotopa ndi msewu, nsapato zake zitadzaza utuchi. Anakana kukhala mu ofesi, anati akufuna aone pogwirira ntchito. Tinaimirira m'chipinda muja anthu anayi: mayiwo, a manijala, a Dokotala ndi ine.

"Achimwene, ndinu wophunzira uja?"

"Eya, mayi."

"Kuyambira pachiyambi pomwe?"

"Eya, mayi."

"Chabwino. Bambo awa atati achoke lero, ntchitoyi mungaithe nokha?"

Mawu aja ndinali nawo pakamwa. Koma a Dokotala anali ataima pafupi nane, moti ndinkamva fungo la sopo wa malaya awo. Kwathu tinakula tikudziwa kuti munthu sudzitama pamaso pa amene anakuphunzitsa. Ngakhale utamaliza kusema mpini wabwino bwanji, umaupereka kwa wamkulu, iye ndiye anene kuti wakhoza. Kunena kuti ndingathe, iwo ali pomwepo, kunali ngati kuwauza kuti nyamukani, mwatha ntchito. Ndinadikira kuti mwina anena okha. Sananene. Ndinayang'ana nsapato zawo, zopolishidwa bwino, zong'ambika pang'ono kuchala.

"Ndikuyesetsa, mayi. Koma zilipo zina."

"Zina ngati ziti?"

Ndinafunafuna m'mutu. "Kulumikiza sowo ikaduka."

Sabata yomweyo ndinali nditalumikiza ziwiri, ndipo imodzi inali ikuzungulira pa makina nthawi imeneyo. Tonse atatu, a manijala, a Dokotala ndi ine, tinkadziwa. Palibe anatsutsa.

Mayi aja anavula magalasi n'kutikita m'maso. Sanakwiye. Anayankhula ndi a manijala ngati ine ndatuluka kale.

"Bambo, mwana amene anayamba Sitandade 1 tsiku limene mnyamatayu analowa muno, pano akuwerenga nyuzipepala. Ngati mpaka lero sanathe, ndiye kuti mwina mutu wake si wa ntchito imeneyi. Si mlandu, anthu timasiyana. Koma ife sitingamangowonjezera pemiti pa wophunzira amene sakuphunzira. Mukafuna tiganizirenso pempho lanu, pezani wina amene angagwire msanga."

A manijala anavomera mwaulemu. Ine ndinawaperekeza mayiwo mpaka pagalimoto, n'kuwatsegulira chitseko. Anandithokoza, n'kundiuza kuti ndisataye mtima, ntchito zilipo zambiri.

Mwezi usanathe kunabwera mnyamata wochokera ku sukulu ya zaumisiri, wochangamuka, woyankhula Chingerezi chosakhumudwa. Pemiti ya a Dokotala inatuluka. Ine anandisamutsira kubwalo, kosanja matabwa kuti aume.

"Unamva wekha," anatero a manijala, osandiyang'ana. "Si ine. Koma ntchito sitikukuchotsa."

Ndinathokoza.

Alamu sanandinyoze. Zikanakhala bwino akanatero. Madzulo a tsiku limenelo anangoyendetsa lole mwakachetechete mpaka kutsika phiri, ndipo tikulowa m'tauni anati, "Mawu awiri okha, alamu." Sanabwerezenso.

Kubwalo kunali mphepo, ndipo paini wamuwisi amalemera ndi kumata m'manja. Dzina la mwana wasukulu linatha lokha, anthu anachita manyazi kulitchula. Ndikamva kulira kwa makina ndinkadziwa kuti sowo iyi yatsala pang'ono kufuna hamala, koma sinalinso nkhani yanga.

Tsiku lina pa nthawi yopuma a Dokotala anabwera kubwaloko ndi fulasiki yawo. Anakhala pa mulu wa matabwa, n'kunditsanulira tiyi m'chivundikiro monga kale. Tinamwa. Kenako anafunsa.

"Bwanji sunanene, mwanangu?"

"Munali pomwepo, bambo."

"Ndinakuuza kuti uyankhe zimene ukudziwa."

"Ndinkadikira kuti munene ndinu."

Anayang'ana kumapiri kumene mitengo inali itayamba kutha, zitsa zokhazokha. Anapukusa fulasiki kuti amve ngati mwatsala tiyi.

"Ndinafuna kunena," anatero. "Pakamwa panalemera."

Kulemera kumeneko nanenso ndinkakudziwa. Belu litalira anadzuka, n'kubwerera kuchipinda kuja kumene mnyamata watsopano ankawadikira.

Kubwalo ndinakhalako mpaka dzinja lotsatira, kenako ndinatsanzika. Ndinapeza kachipinda ku Chikamveka, n'kuika benchi pakhonde. Mpaka lero ndimanola masowo a akalipentala ndi a anthu ocheka pamanja, zikwanje, nthawi zina ndi masizasi a matelala. Za a Dokotala ndinangomva kuti anadzapita ndithu mitengo itachepa, ndipo chipinda chija anachisandutsa mosungiramo matayala. Mtengo wa mapeyala uja akuti ukubereka.

Dzulo kunabwera kalipentala wina ndi sowo yopindika, mano ena atathothoka. Anaiponya pa benchi n'kufunsa ngati ndingaithe. Ndinaipendeketsa cha kudzuwa, ndipo ndinaona pomwepo pofunika kumenya.

"Tiyesa," ndinatero.

"Muyesa kapena muitha? Ndisataye nthawi."

Ndinamuuza kuti abwere mawa masana.